Munthu akabweza bidi yake pa okushoni ya pa intaneti, wogulitsa achite chiyani?

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Ambirife mawu oti okushoni tinayamba kuwamva kudzera ku fodya, ku Kanengo ndi ku Limbe, kumene belo limapita kwa amene watchula mtengo wapamwamba. Lero okushoni ili m'foni. Mayi wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amatsegula belo la kaunjika, kusankha madiresi abwino, kuwajambula, kuwaika pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook, n'kulemba mtengo woyambira ndi nthawi yotsekera. Achinyamata athu ena amene ali ku Johannesburg amagulitsa mafoni pa Bob Shop, msika womwe kale unkatchedwa bidorbuy, ndipo abale okhala ku Britain amagulitsa pa eBay. Onsewa amakumana ndi vuto lofanana: munthu amatchula mtengo wake, womwe pa magulupa amangouti bidi, kugwetsa ulesi anzake onse, kenako n'kuibweza, kapena kungozima ikafika nthawi yolipira.

Poyamba tidziwe kuti malonda opikisana mtengo, omwe m'mabuku a Fiqh amatchedwa muzaayadah, ndi ololedwa kwa ma Ulama ochuluka. Mu Hadith ya Anas (Radhiya Allahu anhu) yomwe ili mwa Abu Dawud ndi Tirmidhi, Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anagulitsa chofunda ndi chikho, ndipo munthu wina atatchula dirham imodzi anafunsa ngati alipo wowonjezera, mpaka zinapita kwa amene anatchula ma dirham awiri. Chimene chinaletsedwa ndi kulowerera malonda a m'bale wako pamene iye ndi wogulitsa agwirizana kale. Pa okushoni mgwirizano umakhala usanachitike, khomo limakhala lotseguka kwa aliyense mpaka nthawi yotsekera.

Nthawi yotsekerayo ndi imene ikugawa nkhani yathu pawiri. Kubweza bidi okushoni isanatsekedwe ndi nkhani ina, kukana kulipira utapambana ndi nkhani inanso, ndipo wogulitsa amene asakaniza ziwirizi amadzipezera mikangano yosafunika.

Okushoni isanatsekedwe

Bidi ndi pempho logula. Malonda amakwanira pamene wogulitsa walivomera, ndipo pa okushoni kuvomerako kumachitika potseka. Ngakhale lamulo la ku Britain la Sale of Goods Act la 1979 limanena kuti malonda a okushoni amatha pamene wotsogolera walengeza kuti zatha, monga pomenya nyundo, ndipo izi zisanachitike munthu akhoza kubweza bidi yake. Choncho wobweza bidi nthawi isanakwane sanaphwanye malonda okwanira, ndipo simungamuumirize kulipira ngati kuti watenga katundu wanu.

Koma izi sizikutanthauza kuti alibe mlandu pamaso pa Allah. Bungwe la ma Ulama la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1990, linaunika za mapangano ochitika kudzera pa zipangizo zamakono zolumikizirana, ndipo mwa zina linagamula kuti munthu akapereka pempho loikidwa nthawi yake, ayenera kukhala pa pempholo mpaka nthawiyo itatha. Ndiye ngati malamulo a gulu akunena poyera kuti bidi siibwezedwa, ndipo munthu walowa akuwadziwa, wadzimanga yekha. Ndime yoyamba ya Surat Al-Maaidah ikulamula okhulupirira kukwaniritsa mapangano, ndipo mawu olembedwa pa WhatsApp sasiya kukhala pangano chifukwa choti alembedwa ndi chala.

Zilipo zifukwa zomveka zobwezera bidi. Msika wa eBay, womwe unayamba mu 1995 ndipo wakhala nthawi yaitali ukulimbana ndi vutoli, umalola kubweza ngati munthu walakwitsa polemba ndalama, monga kulemba 200 pofuna kulemba 20, kapena ngati wogulitsa wasintha kwambiri kafotokozedwe ka katundu. Kungosintha maganizo, kapena kupeza katundu yemweyo wotchipa kwina, sikuwerengedwa. Palinso malire a nthawi: ngati kwatsala maola ochepera 12 kuti okushoni itsekedwe, munthu akhoza kubweza bidi yokhayo imene waika m'kati mwa ola limodzi lapitalo.

Chifukwa chachiwiricho chikuloza kwa ife ogulitsa. Ngati mwaika jekete, anthu ayamba kupikisana, kenako mwawonjezera chithunzi chosonyeza kuti zipi ndi yowonongeka, amene wabweza bidi yake sanakulakwireni. Iye anatchula mtengo wa jekete lina, lomwe linali m'chithunzi choyamba. Ngakhale akanagula, Shariya ikanamupatsa ufulu wobweza katundu chifukwa cha chilema chimene sanauzidwe. Choncho musanakwiye, yambani mwawerenganso zimene munalemba.

Chifukwa chake mtengo umagwa kwambiri

Ogulitsa atsopano pa eBay amadabwa poona kuti munthu mmodzi akabweza bidi, mtengo sutsika pang'ono chabe. Chifukwa chake n'chakuti pa msikawu munthu amalemba mtengo wapamwamba umene angakwanitse, makina n'kumamupikisanira pang'onopang'ono popanda kuulula malire akewo. Tinene kuti mukugulitsa wotchi. Woyamba malire ake ndi mapaundi 30, wachiwiri 52, wachitatu 200. Mtengo wooneka ukhala pa 53, kungopitirira wachiwiri uja. Wachitatu akabweza, wachiwiri amakhala patsogolo, koma osati pa 52. Makina amamutsitsa mpaka pa 31, pongopitirira woyamba. Mwataya mapaundi 22 pa kamphindi, ndipo amene wachoka uja tsopano akudziwa malire a mnzake, zomwe zinali chinsinsi. Alipo anthu amene amaika bidi yaikulu ndi cholinga chongofuna kudziwa zimenezi.

Pa WhatsApp palibe makina otere, koma chinyengo chake n'chosavuta kuposa apa. Anthu awiri amapangana. Mmodzi alemba K8,000 pa diresi loyenera K20,000, mnzake nthawi yomweyo alemba K40,000. Ena onse akaona 40 ija amangoti zatikulira, n'kukhala chete. Kwatsala mphindi imodzi, wa K40,000 uja afufuta uthenga wake, ndipo diresi latsala m'manja mwa wa K8,000. Uku n'kudya chuma cha munthu mwachinyengo, kumene ndime 29 ya Surat An-Nisaa ikuletsa, chifukwa kukhutira kwa wogulitsa kwachita kubedwa. Mukaona zoterezi simuli okakamizidwa kupereka katundu pa mtengo umenewo. Uzani gulu zimene zachitika popanda kutukwana munthu, ndipo yambitsaninso kuchokera pa bidi yomaliza yoona, kapena onjezerani nthawi kuti amene anathawa abwerere. Kuti pasakhale wonena kuti mwasintha malamulo masewera ali m'kati, ndi bwino kuti ufulu umenewu ukhale wolembedwa kale m'malamulo a okushoni yanu.

Pa eBay mpata wotere ndi wochepa. Kukatsala maola ochepera 12 ndipo pali mabidi, simungangoimitsa okushoni chifukwa mtengo sunakusangalatseni. Chitetezo chake chimaikidwa pachiyambi: mtengo woyambira umene mungaulandire ndi mtima woyera, kapena mtengo wobisika wa reserve, womwe ukapanda kufikidwa katundu sagulitsidwa. Kuyambira pa mtengo wotsikitsitsa kumakopa anthu, zoona, koma amene wasankha njira imeneyo wavomera kuti tsiku lina adzagulitsa motchipa.

Msampha wa najsh

Apa ndi pamene Msilamu wogulitsa ayenera kudziyang'anira kwambiri, chifukwa Satana amabwera ndi maganizo ooneka ngati chilungamo. Mtengo unafika K25,000, wina wabweza, watsika kufika K14,000. Mtima umati: katunduyu anthu aonetsa kale kuti ndi wa K25,000, ndingouza alamu anga alembe K20,000 kuti tibwerere pamene tinali. Zimenezi ndi najsh, kukweza mtengo kwa munthu amene alibe cholinga chogula kuti ena akopeke, ndipo Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa mu Hadith ya Ibn Umar yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim. Kulakwiridwa ndi munthu mmodzi sikukupatsani chilolezo chopusitsa anthu ena amene sanakulakwireni. Nambala yachiwiri ya foni yanu, akaunti ya mwana wanu, mnzanu wa ku Madrasa amene mwamupempha kuti angotenthetsa gulu, zonsezi n'chimodzimodzi. Nawo eBay amaletsa mchitidwewu ndipo amatseka maakaunti chifukwa cha iwo.

Pali mtundu wina wa najsh umene wafala kwambiri moti ambiri sauonanso ngati tchimo. Wogulitsa amalemba kuti wina wandipatsa kale K30,000 ku inbox, pamene palibe aliyense. Bungwe la Fiqh lija, pa msonkhano wa ku Brunei mu 1993 pamene linakambirana za malonda a okushoni, linatchula bodza lotereli kuti ndi gawo la najsh, pamodzi ndi kunamizira kusirira katundu pofuna kukopa wogula. Ma Ulama a madh-hab ya Imam Shafi'i, yomwe ambiri kuno kunyanja timatsatira, amati malonda oterewa amakhala atachitika koma tchimo lili pa wochita. A madh-hab ya Imam Malik amapatsa wogula ufulu wobweza katunduyo akazindikira. Mulimonsemo, K6,000 yowonjezerayo yalowa m'nyumba kudzera pakhomo loipa, ndipo ana ndi amene adye.

Wapambana koma sakulipira

Okushoni ikatsekedwa ndipo mwalengeza wopambana, malonda achitika. Katundu ndi wake, ndalama ndi zanu. Ena amafunsa za khiyaarul majlis, ufulu umene wogula ndi wogulitsa ali nawo wothetsa malonda asanasiyane pamalo, womwe a Shafi'i ndi a Hanbali amauvomereza. Ufuluwu ulipo, koma malire ake ndi kusiyana kwa anthu awiriwo. Munthu amene wagona usiku, wadzuka, wapita kunyanja n'kubwerako, sanganene kuti akadali pamalo a malonda.

Popeza malonda achitika, musathamangire kugulitsa katunduyo kwa wina mwakachetechete. Mawa woyamba uja akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mudzapezeka kuti mwagulitsa chinthu chimodzi kwa anthu awiri. Mulembereni, mumukumbutse mtengo ndi tsiku lomaliza lolipira. Akapanda kuyankha, mulembereninso kuti nthawi yadutsa ndipo malonda mwawathetsa monga mwa malamulo amene anavomera. Uthenga wachiwiriwu ndi umene umakumasulani. Pa eBay wogula amapatsidwa masiku 4, akadutsa wogulitsa akhoza kuthetsa malondawo ponena kuti wogula sanalipire, ndipo zimalembedwa pa akaunti ya wogulayo. Chitani zimenezi kudzera m'njira ya msikawo. Mukhozanso kumutsekera munthuyo kuti asadzapikisanenso pa katundu wanu, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Tsono si onse osalipira amene ali achinyengo. Wina anapambana Lolemba, Lachiwiri mwana wagonekedwa kuchipatala. Wina ankadalira ndalama yochokera ku Joni ndipo sinabwere. Munthu wotere akabwera n'kunena zoona, kupempha kuti mumumasule, mwapatsidwa mwayi wa iqaalah, kuthetsa malonda mwa kugwirizana pofuna kupepukitsa m'bale wako. Hadith yomwe ili mwa Abu Dawud ndi Ibn Majah ikulonjeza kuti wochita zimenezi Allah adzamukhululukira zophophonya zake. Simukukakamizidwa, ndi chifundo chochokera kwa inu. Koma poganizira kuti njira ina ndi yolondalonda munthu sabata zitatu chifukwa cha nsapato za K12,000, kumumasula nthawi zambiri kumapindulitsa ngakhale pa dziko pompano. Amene wachita katatu, ndipo nthawi iliyonse pali maliro atsopano, ameneyo mumasuleni komaliza n'kumuchotsa pa mndandanda.

Chimodzi chopewa: musamuikire chindapusa cha kuchedwa, monga K500 pa tsiku lililonse limene sanalipire. Mtengo wa katundu wasanduka ngongole pa iye, ndipo kuwonjezera ndalama pa ngongole chifukwa cha nthawi ndi riba.

Kupita kwa wachiwiri

Woyamba akachoka, ambiri amatembenukira kwa amene anali wachiwiri. Izi n'zololedwa, ndipo eBay ali ndi njira yake yotchedwa Second Chance Offer, yomwe imapereka katundu kwa munthuyo pa bidi yake yomaliza. Koma wachiwiriyo sakukakamizidwa. Pamene anagonja, pempho lake linatha, mwina ndalama wagulira kale china. Mukumupempha mwatsopano, ndipo akakana musamuone ngati wothawa.

Funso lovuta ndi la mtengo. Tinene kuti mayi wina anali patsogolo pa K15,000, kenako kunabwera munthu amene anamukankha mpaka K24,000, ndipo munthuyo ndi amene wazima. Mukapita kwa mayiyo ndi K24,000, mukumulipiritsa mtengo umene unakwezedwa ndi munthu amene mwina sankafuna kugula n'komwe. Inu simunapangane naye, choncho tchimo la najsh mulibe, koma phindu lake mukulilandira. M'kuona kwanga, chilungamo n'kumuuza mayiyo zonse monga zachitikira, n'kumulola kuti atchule mtengo umene ali wokhutira nawo tsopano, inu muvomere kapena muyambitsenso okushoni. Palinso nzeru ya malonda pamenepa. Wogula amene wauzidwa kuti wopambana wathawa, tengani inu pa mtengo wanu wapamwamba uja, chimene amayamba kuganiza n'chakuti wopambanayo anali m'bale wanu. Kumasuka kwanu pa mtengo ndi kumene kumachotsa chikaiko chimenecho.

Za chikole

Ogulitsa ena atatopa amafuna kuti aliyense wolowa okushoni ayambe wapereka kandalama, kapena wopambana apereke gawo nthawi yomweyo. Kodi munthuyo akathawa, ndalamayo idyedwe? Nkhaniyi, yotchedwa arbuun, ma Ulama anasiyana nayo maganizo kuyambira kale. A Shafi'i, a Maliki ndi a Hanafi salola kuti wogulitsa asunge ndalamayo malonda akalephereka, chifukwa watenga chuma popanda chosinthana nacho. A Hanbali amalola, potsamira zimene zinachitika m'nthawi ya Umar (Radhiya Allahu anhu) pamene Nafi' ibn Abdul Harith anagula nyumba ya Safwan ibn Umayya ku Makkah kuti ikhale ndende, pa mgwirizano woti Umar akakana, Safwan atsala ndi gawo la ndalama. Msonkhano wa ku Brunei wa 1993 uja unatsatira maganizo olola, pokhapokha nthawi yodikira ikhale yodziwika. Unalolanso kulandira chikole kwa olowa okushoni, koma chiyenera kubwezedwa kwa onse amene sanapambane, ndipo kwa wopambana chiwerengedwe ngati gawo la mtengo.

Kwa amene akufuna kuchoka m'kusiyana maganizoku, njira yapakati ilipo, yofanana ndi imene mabungwe a zachuma a Chisilamu amagwiritsa ntchito pa chikole chosonyeza kutsimikiza: landirani ndalamayo ngati amaanah, ndipo munthu akathawa muchotsepo zokhazo zimene mwatayadi chifukwa cha iye, zotsala mumubwezere. Ngati munalipira kale kondakitala wa basi kuti katundu apite ku Salima, kapena mwadulidwa potumiza ndalama, zimenezo n'zowerengeka. Kukhumudwa kwanu sikuwerengeka. Ngati katundu ndi wamkulu, monga injini ya boti kapena njinga yamoto, khalani pansi ndi Sheikh wa kwanuko musanalembe malamulo a chikolecho.

Kumuyalutsa pa gulu

Chizolowezi china n'chojambula uthenga wa munthu, chithunzi chake ndi nambala yake, n'kuzimwaza m'magulu ndi mawu oti chenjerani ndi wakuba uyu. Imam Nawawi anatchula kuchenjeza Asilamu za choipa ngati amodzi mwa malo amene kutchula cholakwa cha munthu kumaloledwa, koma chilolezocho chili ndi muyeso wa kufunika kwake. Wolephera kulipira sanabe kanthu, katundu akadali m'nyumba mwanu, ndipo kumutcha wakuba ndi bodza. Kuuza adimini wa gulu mwamseri kuti uje wapambana kawiri osalipira kumakwaniritsa chenjezolo. Kumwaza nkhope yake kumapweteka mkazi wake ndi ana ake, omwe mudzakumana nawo pa sadaka ya mawa, komanso lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi milandu ya kuzunza ndi kunyoza anthu pa intaneti.

Mikangano yambiri imene tafotokozayi imatha ndi mizere inayi kapena isanu yolembedwa pansi pa chithunzi cha katundu: mtengo woyambira, ndalama yochepetsetsa yowonjezera, ola lenileni lotsekera, nthawi yolipira, ndi zimene zidzachitike munthu akabweza bidi kapena kufufuta uthenga. Lembaninso kuti wolakwitsa nambala akonze nthawi yomweyo polemba uthenga wina, osafufuta woyambawo. Ola lotsekera lisagundane ndi Swala ya Ijumaa kapena Maghrib, pamene inu muli ku Mzikiti ndipo foni ili m'thumba, chifukwa mphindi zomaliza ndi zimene zimafuna maso. Ikangokwana nthawi, jambulani sikirini yoonetsa mabidi atatu omaliza ndi maola ake, kenako lengezani wopambana ndi wachiwiri wake mu uthenga umodzi.